Nkhope Imene Ndinabisira Tamanda

Khalani pansi, abale anga, musaimirire chifukwa cha ine. Inu a kumbuyoko, ngati simukundimva kwezani dzanja, pakuti mawu ena amandipulumuka pambali pa mlomo. Kansalu ndagwiraka si ka misozi ayi, n'kopukutira dovu. Sekani, musaope. Ine ndinasiya kale kuchita nalo manyazi.

Asisita andipempha kuti ndicheze nanu amene mukudikira opaleshoni ya kumaso, pamodzi ndi okudwazikani. Ndikuona ena mwafunda mipango mpaka m'maso kutentha konseku. Mpango umenewo ndimaudziwa, ndinakhalamo nthawi yaitali. Dzina langa ndine Esinati, koma ku Dambwa mukafunse amake Tamanda. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Livingstone, n'chifukwa chake chiyankhulo changa n'chakumudzi chonchi. Ana a m'tauni amati ndimayankhula ngati Baibulo. Bambo a kunyumba anamwalira kalekale, anandisiyira mwana mmodzi yekha, Tamanda.

Ntchito yanga inali yobwereketsa malenikoti ku mathithi. Mlendo akafika ndi kamera yake, osadziwa kuti m'katimo mvula imagwa kuchokera pansi kupita kumwamba, ine ndinkamuimitsa, kumunyengerera, kumuseketsa, mpaka avale. Katundu wanga weniweni anali pakamwa. Anzanga ankati amake Tamanda angathe kubwereketsa lenikoti ngakhale kwa nsomba.

Tsiku la ngoziyo kunali m'mawa, nyengo yotentha ija njovu zimatuluka m'paki kubwera m'makomo kufuna mango. Ndinkapita kukakwera minibasi. Pokhota pa mpanda wina ndinangoona njovu yaima pansi pa mtengo, yotuwa ndi fumbi, ikuthyola nthambi mosafulumira ngati ili pakwawo. Ndinaima. Sindinaope, ndikuuzeni zoona, ndinkangoyang'ana makutu ake akupita uku ndi uku. Anthu ankakuwa, kumenya zitini, koma phokoso lawolo linkamveka kutali. Mlonda wa pa puloti ina anatulutsa mfuti kuti aiopseze. Akuti chipolopolo chinagunda chitsulo cha geti n'kubwerera. Ine kulira kwa mfuti sindinakumve. Ndinangomva ngati wina wandiwomba mbama ndi dzanja lotentha, kenaka ndinali chagada ndikuona masamba a mango, m'kamwa mwadzaza mchere. Njovu inadutsa pafupi nane, inandiyang'ana, n'kumapita.

Ndinatsitsimuka m'chipatala ndikupumira pa kapaipi ka pakhosi. Madokotala anapulumutsa moyo, anasoka zosokeka, koma fupa la nsagwada ya m'munsi, kuyambira apa kufika apa, linali litaphwanyika ngati mbale yadothi, mano n'kupita nalo limodzi. Anati bala liyambe lapola, kenaka ndidzapite ku Lusaka akandimangire nsagwada ina. Ananditulutsa ndi sirinji yaikulu yodyera phala la madzimadzi. Tsiku limene ndinadziona pagalasi ndinacheuka, kuyesa kumbuyo kwanga kwaima munthu wina. Chibwano panalibe. Mlomo unagwera m'kati, nkhope inathera panjira.

Kutsetsereka sikuchedwa, abale. Kuntchito ndinasiya, nanga mlendo ungamuseketse ndi chiyani? Kutchalitchi ndinasiya. Ana a pamsewu akandiona ankathawa nsapato m'manja. Mnzanga wina anandibweretsera kabotolo ka kachasu, akuti kathandize ululu, ndipo kanathandizadi. Kapu sindinkatha kumwera, ndiye mukuganiza ndinkamwera chiyani? Sirinji ya phala ija! Ee, yomweyo ya kuchipatala. Anthu amaledzera ndi chipanda, ine ndinkaledzera ndi sirinji, mayi wamkulu wa mu kwaya. Pamwamba pake fodya wa m'mphuno, uyu mumati nsunko. Ndinagulitsa malenikoti limodzilimodzi, wailesi, mipando. Uthenga wa ku Lusaka unabwera kuti malo apezeka, sindinapite. Unabweranso, ndinali nditaledzera. Tamanda anakwatiwa ndi Mweemba, mnyamata woyendetsa minibasi, ine ukwati wa mwana wanga ndinaumvera pawindo, mahutala akulira kumsewu. Komabe iye sanandisiye. Loweruka lililonse ankabwera kudzandichapira, kundiphikira phala, kutaya mabotolo.

Tsiku lina masana anafika asewere anga, amake a Mweemba, mayi wa Chitonga wamtali woyankhula kwambiri, amene ankandidziwa ngozi isanachitike. Tsikulo mawu ankawasowa. Anakhala pakhonde, anayamba za kutentha, za mtengo wa makala, kenaka anati:

“Ba sebele, Tamanda ali na pakati. Manje imwe muziba mwambo. Sinikamba voipa, koma muziba.”

Ndinkadziwa. Sanafunike kumaliza. Agogo anga anandiphunzitsa kuti woyembekezera asayang'anitsitse munthu wachilema, mwana amatengera. Ine ndemwe ndinkawalangiza atsikana zimenezi pa chisamba, chala m'mwamba. Musawaone ngati oipa asewere anga, mwambowo unali wanga kuposa wawo.

Kwathu mimba yoyamba ndi ya amake a mtsikana. Ndiwo amamulangiza, kumusisita msana, kumuperekeza tsiku lake likafika. Ine ndinatseka chitseko. Loweruka Tamanda anagogoda, ndinamuyankha ndili m'kati, ndi mawu anga ophwanyikawo, kuti apite. Anagogoda Loweruka linalo. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akuyankhula ndi chitseko, ine nditatsamira chitseko chomwecho mbali inayi, ndikumva kupuma kwake. Ndinali ndi mwana mmodzi, ndipo ndinasankha kumutaya kuti mdzukulu wanga abadwe ndi nkhope yonse. Zinandiwawa kuposa chipolopolo.

Poona kuti sakuleka, ndinayamba kuthawa panyumba. Lenikoti limodzi linali litatsala, lakuda, long'ambika m'khwapa. Inali nyengo ija mvula itangotha, mtsinje utadzaza, utsi wa mathithi ukuoneka uli m'tauni. Anzanga akale ankandisonkhera ndalama ya pachipata, ndinkalowa, kabotolo m'thumba, n'kutsikira kumene madzi amawaza kwambiri.

Mundimvetse bwino apa, chifukwa ena a inu muli nawo malo anu otere. Mu nkhungu ija mulibe munthu wokhala ndi nkhope. Aliyense wafunda chipewa cha lenikoti, waweramitsa mutu, maso watsinzina. Mzungu, Mmwenye, mwana wa sukulu, onse madzi akuchucha pakamwa, ndiye dovu langa analiona ndani? Anthu ankatuluka mu utsi woyera, kudutsa, kulowanso mu utsi. Utawaleza unkabwera mpaka pamapazi, ukasuntha nawonso usuntha. Phokoso la madzi linkameza mawu onse, wodziwa kuyankhula ndi wosadziwa kukhala chimodzimodzi. Ndinkaima pa kamlatho kena kopapatiza ka pa mathithipo nthawi yaitali, osadziwa ngati ndili maso kapena ndikulota. Nthawi zina ndinkamva ngati amayi anga akuimba pansi pa madziwo nyimbo ya kwathu ku Dedza, kumene sindinafikeko. Ndipo ndinene poyera, popeza tabwera kudzauzana zoona: maganizo oipa ankandifikira pamenepo. Ndinkati ndikachoka ine, Tamanda adzamasuka. Linali bodza la kachasu, koma linkamveka lokoma.

M'mawa wina ndili pa kamlathoko, ndinaona lenikoti lachikasu likubwera mu utsi, pang'onopang'ono, dzanja limodzi pachitsulo. Linali lotukuka kutsogolo. Mayendedwewo ndinawadziwa lisanafike. Mwana wako umamudziwa ngakhale atavala thumba. Anzanga a pachipata aja ndiwo anamulozera.

“Mami!”

Ndinakoka mpango ndi manja onse awiri, ndinamufulatira. “Bwerera! Usandiyang'ane!”

Kaya anamva, kaya madzi anameza. Anazungulira kubwera kutsogolo kwanga, ine ndinatembenukanso. Anazunguliranso. Tinkangozungulirana pamenepo ngati ana akusewera, mayi ndi mwana wake, alendo akutipanikiza podutsa. Pansi paja pamaterera, pali ndere. Ndinangomva nsapato yake yaseseleka, ndinaona chikasu chija chikupendama. Abale, manja saganiza. Ndinamugwira ndi onse awiri, limodzi pamkono lina m'chiuno, ndinamukokera pachifuwa panga. Mpango unagwa. Mphepo inakankha chipewa.

Sanatsinzine. Ndinafuna kubisa nkhope paphewa pake, koma anandigwira masaya ndi zikhatho zake zozizira, anandiimika, anayamba kundiyang'ana. Osati mongoba ayi. Anayambira pamphumi, anatsika m'maso, pamphuno, mpaka pamene nkhope inathera, anakhalitsa pamenepo. Madzi ankatikhuthukira tonse awiri. Kumbuyo kwake kunali koyera kokhakokha, ngati dziko lonse lafufutika kwatsala ife. Sindidziwa tinaima nthawi yaitali bwanji.

Kenaka anaika pakamwa pake pakhutu langa, anakuwa:

“Nakuonani, mami! Nakuonani bwino bwino! Manje muzabisa chani?”

“Mwana,” ndinatero ine, ndikuloza mimba. “Wamupha mwana.”

“Ngati afuna kupala ambuye bake, kufanana na imwe, apale! Imwe nimakukondani, nanga iye nizakangiwa bwanji kumukonda? Ine pa siku yobala nifuna amai banga, sinifuna chitseko.” Anandinunkhiza, anakwinya mphuno. “Na kachasu munaleta kuno? Ah, mami, imwe!”

Mukuyesa ndinathokoza? Ndinakwiya! Ndinamukalipira njira yonse mpaka pachipata, mwana wosamva, wamwano, wotengera bambo ake. Mwayi wake mawu anga sankamveka. Iye anangondigwira dzanja ngati wagwira mbuzi yothawa, mpaka mu minibasi ya mwamuna wake, mpaka kunyumba kwawo. Asewere atamva anaika manja kumutu, anayenda uku ndi uku pabwalo, kenaka anati madzi akatayika saoleka, anandiyalira mphasa.

Kuyambira tsiku limenelo mantha anga anasintha. Choletsedwa chinali chitachitika, ndipo mwana anali m'njira. Ndinapita ndi Tamanda ku sikelo, ndinawafunsa asisita. Anandiuza mofatsa kuti nkhope ya mwana imaumbidwa miyezi yoyambirira, ndipo zimene maso a mayi aona sizilowa m'mimba. Mutu unamva, mtima unakana. Koma ndinaganiza chinthu chimodzi: mwanayu, abadwe mmene angabadwire, adzafuna agogo osaledzera. Akabadwa ngati ine, adzafuna wina womuuza kuti nkhope imakonzeka, ndipo ndingamuuze bwanji ine nditathawa mpeni?

Tsono mverani, inu amene muli pamzere. Choyamba ndinakawauza adokotala zoona, za kachasu ndi za sirinji yomwe. Sanandikalipire. Anandipatsa mankhwala ondithandiza kusiya, chifukwa mowa ukakulowerera sumausiya wekha mwadzidzidzi, umagwetsa. Ndinanjenjemera, ndinatuluka thukuta, ndinaona nyerere pakhoma pomwe panalibe nyerere. Zinatha. Kenaka kudya. Ndinali nditauma ngati chiwala, ndipo anati thupi lotere silingapoletse bala. Tamanda ankandisefera phala la nsinjiro, mazira, mkaka, mapeyala, n'kumandiyang'anira mpaka mbale iyere.

Ku Lusaka ndinakumana ndi adokotala a nsagwada, mayi wamfupi wa magalasi. Anayang'ana zithunzi za mafupa anga, anandigwiragwira kumaso, kenaka anagwada n'kugogoda mwendo wanga.

“Amayi, nsagwada yanu ili umu,” anatero.

Ndinati awa apenga. Anafotokoza kuti kumunsi kwa bondo kuli mafupa awiri, lalikulu losenza thupi ndi laling'ono la m'mbali limene munthu angathe kuyenda popanda ilo. Laling'onolo amalichotsa pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi ndi kachikopa, amalidula n'kulikhotetsa kuti lifanane ndi nsagwada, amalimanga ndi kachitsulo ndi timisomali, ndipo mitsempha ija amaisokerera ku mitsempha ya m'khosi kuti fupalo likhale lamoyo.

“Koma mitsemphayo ndi yaing'ono ngati ulusi,” anatero. “Fodya amaifinya. Wosuta, wa m'mphuno, wa pansi pa mlomo, yense ndi fodya. Ikatsekeka, fupa limafa, mwendo mwaupereka pachabe. Musiya?”

Kachasu ndinamusiya ndi misozi, koma nsunko, abale, ndinamusiya ndi maliro. Ndinatukwana aliyense m'nyumba muja, ngakhale nkhuku. Koma ndinasiya.

Tsiku la opaleshoni linafika m'nyengo yozizira. Tamanda anali atalemedwa, sakanatha ulendo, ndiye amene anandiperekeza kukandidwazika ndi asewere anga omwe aja. Akuti ntchito inatenga tsiku lonse. Ine ndinali kwina. Ndinkayenda m'njanji yaitali yopanda sitima, agogo anga ali patsogolo ndi nyundo paphewa, akugogoda zitsulo, kumvetsera, kugogodanso. Sankacheuka. Ndinkafuna kuwafunsa za mwana, koma pakamwa panga pankatuluka nkhungu yokha. Kenaka wina anandiitana dzina langa la ubatizo, ndinatsegula maso, ndinaona nyali.

Musadzadabwe mukadzadzuka. Nkhope imatupa ngati dzungu, kapaipi pakhosi, kena m'mphuno kodyera, mwendo womangidwa. Tsiku loyamba musapemphe galasi. Masisita ankabwera pafupipafupi kudzasuzumira m'kamwa, kuona ngati kachikopa kaja kali ndi magazi, ndipo khosi ankati ndisalipinde. Ine chete, asewere pambali akundisimbira nkhani za ng'ombe za kwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, podziwa kuti sindingawadule. Mayi amene uja anandipukuta, ananditembenuza, ananditayira zonse. Mulungu awadalitse, koma amayankhula!

Kenaka kuphunzira ngati khanda. Kuyenda ndi ndodo. Kumeza madzi osatsamwa. Kuyasamula, akukulowetsa timitengo tosalala pakati pa nsagwada, lero tochepa, mawa kuonjezera. Kutchula mawu pagalasi, ma, pa, ba. Zimawawa, zimatopetsa, koma musadumphe tsiku. Mlomo wa m'munsiwu mpaka lero sindiumva, mano ndikudikirabe, ndipo kachikopa ka kumwendo kaja kanayamba kumera tiubweya m'kamwa. Ee! Funsani adokotala ngati ndikunama. Sindinabwerere mmene ndinalili, ndipo inunso asakunamizeni. Koma ndimatseka pakamwa, ndimadya ndi supuni, ndipo mukundimva.

Zonsezi ndinkachita mtima uli ku Dambwa. Ndikatseka maso ndinkaona kamwana kokulungidwa, ndikati ndivundukule, ndinkadzidzimuka.

Ndinabwerera kunyumba nthawi ya mphepo ija ya fumbi, ndikutsimphina, nkhope isanaphwe bwino. Sipanapite nthawi, m'mawa wina Tamanda anagwira m'chiuno n'kundiyang'ana. Ndinamuperekeza ine. Ndinamusisita msana mu minibasi, ndinamusisita m'khonde la chipatala, ndodo yanga ili m'khwapa, mpaka anamulowetsa. Tinakhala pabenchi ndi asewere.

Tinamva kulira. Asisita anatuluka, anati wachira, ndi wamkazi, lowani. Tinalowa.

Tamanda anali gone, wotopa, akumwetulira. Pambali pake kamtolo ka chitenje, nsonga yake itagwera kumaso kwa mwana. Tinaima patali, amayi awiri akuluakulu, tikukankhana ndi zigongono.

“Yambani ndimwe, ba sebele.”

“Ayi, yambani ndinu.”

“Mami,” anatero Tamanda, “vundukulani.”

Ndinatsamiritsa ndodo pabedi. Ndinakweza nsalu pang'onopang'ono. Mphumi. Timaso totsinzina. Mphuno. Milomo iwiri yathunthu, ikuyamwa mphepo. Ndipo pansi pake kachibwano kosongoka, kokhala ndi kadzenje pakati.

Asewere anawerama, anayang'anitsitsa, anandiyang'ana ine, anayang'ananso mwana. Kenaka anawomba m'manja n'kukuwa mpaka asisita anatulukira:

“Mayo! Ba sebele, wapala imwe! Ni chibwano chanu ichi, chija chakudala!”

Ine ndinali nditachiiwala, abale. Zoona, ndinali nditaiwala kuti ndinali ndi kadzenje pamenepo. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira mokweza, pakamwa ponse, mmene ndinali ndisanalirire chiwomberedwe.

Tsono inu mwafunda mipango, sindikukuuzani kuti muvule lero. Koma kunyumba kuli wina amene akugogoda, musamuyankhe ndi chitseko. Tsiku lanu likafika, pitani. Mdzukulu wangayo ali panjapo ndi amake, wayamba kuyenda. Mukamatuluka mumuone, mudziwe mmene ndinkaonekera.